Injini Inazima Yokha

Inspekita anafika pagalajapo nthawi ili 5:50 madzulo, tsiku Lachiwiri. Anali mayi wa imvi zoyambirira, amene anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kunthambi yofufuza milandu, ndipo chimene chinkamunyansa kuposa zonse chinali kuuzidwa wopalamula iye asanaone mtembo. Sajeni wake ankadziwa zimenezi, komabe anamuchingamira pageti nkhope ili ngwee.

"Munthu tamugwira kale, bwana. Ndi mkamwini wa malemuwa. Magazi mpaka m'zigongono."

Inspekita anangomupitirira. Anadutsa mashopu anayi a mumpandamo n'kulowa m'galaja ya kumapeto. Pakati panali galimoto yofiira, boneti ili yasa, yomangidwa ndi malamba pamwamba pa migudumu yachitsulo yokwiriridwa m'simenti. Pamigudumu yotereyi amakanika amathamangitsa galimoto liwiro lake lonse koma osasuntha pamalo. M'katimo munkanunkha oyilo wopsa ndi magazi. Mtembo unali chafufumimba pafupi ndi tayala lakutsogolo, nkhongo itaphwanyika, ndipo sipanala yaitali ngati mkono inali pambali pake.

Womwalirayo anali mwini galajayo. Aliyense ankawatcha a Mluzu. Ntchito yawo inali imodzi: kutenga injini za tabo n'kuziwonjezera mphamvu mpaka galimoto iziimba mluzu pokwera chitunda. Tabo ndi kachipangizo kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kamene kamakankhira mpweya wochuluka mu injini. Anthu amene alibe zochita ndi miyoyo yawo ankabwera kuchokera kutali kudzafuna mluzu umenewu.

M'matumba a ovolosi yawo inspekita anapezamo mabawuti, maswiti a chifuwa ndi makiyi atatu a magalimoto a eni. Kiyi wa galimoto yofiirayo sanali pamenepo. Anamupeza pathabwa la misomali pafupi ndi khomo, mapazi asanu ndi atatu kuchokera pamtembo, atakolekedwa bwinobwino. Pamphete yake panali kanthu kakuda kouma. Anamuika m'kapepala n'kulemba nthawi.

Pagalajapo pankagwira ntchito anthu atatu: a Mluzu, mng'ono wawo amene ankawotcherera zitsulo, ndi mkamwiniyo, amene ankasintha za mu injini ndi kompyuta ya pamiyendo. Mpandawo unali ndi geti limodzi, ndipo mlonda wake anali wa mtundu wosowa uja wolemba chilichonse m'buku. Owotchererawo anatuluka 5:01. Mkamwini, amene anatumidwa kukagula paipi ya rabala masana, analowa 5:06. Palibe wina amene anadutsa.

Mayi wa shopu ya penti, yoyandikana ndi galajayo, anawonjezera zotsala. Khoma lawo linali la malata, ndiye injini ikalira mabotolo ake ankavina pashelefu. Anati chamadzulo phokoso linachepako koma injiniyo sinasiye kugunda, ndipo iye ankadikira kuti izime aimbire mwana wake. Itangozima anaimba. Foni yake inasonyeza 5:09.

Sajeni anali atamaliza kale masamu ake. Injini inali ikulira pamene mng'ono wawo ankatuluka, ndiye kuti a Mluzu anali moyo. Mkamwini analowa, anawakantha, anazimitsa galimoto 5:08 n'kukoleka kiyi. M'mawa wa tsiku lomwelo mpanda wonse unawamva awiriwa akukangana. Chomwe chinamuseketsa sajeniyo n'chakuti mnyamatayo, atamupeza atafungatira mtembo, ankangobwereza kuti injini inazima yokha.

"Yokha, bwana, kiyi ali pakhoma. Kapena ndi mizimu inazimitsa."

Lachitatu 8:30 m'mawa, mkamwiniyo anakhala moyang'anizana ndi inspekita m'chipinda chofunsira mafunso. Anali wa zaka makumi atatu, woonda, wa magalasi osweka mbali imodzi. Anafotokoza mwakachetechete kuti anapeza apongozi ake ali pansi, anawanyamula, anakuwa. Za mkangano wa m'mawa anati zinali za ntchito basi.

"Dzulo munauza sajeni kuti injini inazima yokha," anatero inspekita.

"Sindikukumbuka, bwana."

"Munanena katatu."

"Mutu unali utaima. Mwina ndine ndinazimitsa."

"Nanga kiyi munakoleka ndinu?"

Mnyamatayo anangoyang'ana patebulo. Inspekita anali ataona abodza a mitundu yonse, olira, olumbira, otchula mayina a ana awo. Koma munthu wotaya mawu okhawo amene akanamuthandiza sankamuona kawirikawiri, ndipo zinamusowetsa mtendere.

Pakhonde anapeza mkazi wa mnyamatayo, mwana yekhayo wa a Mluzu, atakhala pabenchi ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Maso anali atatupa koma sankalira. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira m'nyumba ziwiri, ya bambo ake ndi ya bambo ake aang'ono owotcherera aja. Inspekita anamufunsa za makiyi a m'thumba. Mayiyo anatsala pang'ono kumwetulira. Anati bambo ake sanakolekepo kiyi pamsomali chibadwire. Ankabwera nawo kunyumba, eni magalimoto n'kumagogoda m'mamawa. Thabwa lija anakhoma ndi bambo aang'ono atatopa nazo.

"Bwana, bambo anga ali kumotchale," anatero kenako. "Mukanditengeranso uyu, mwanayu adzabadwira m'nyumba ya ndani?"

Inspekita sankakonda kulonjeza. Mkulu wa polisi anali atanena kale kuti Lachinayi 2 koloko masana mnyamatayo akaonekere kukhoti pa mlandu wakupha. Anthu akangolowa pakhomo limenelo, kutuluka kwake kumatenga zaka.

Nthawi ya 11 koloko inspekita anapita kunyumba kwa owotcherera aja. Anali bambo wa mapewa aakulu, wotsimphina mwendo wamanzere, manja odzala zipsera za moto. M'nyumbamo munali zii. Mbale imodzi, kapu imodzi, ndi chithunzi cha mnyamata wamkulu atatsamira galimoto yabuluu. Anati ameneyo anali mwana wawo, anafa pangozi miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo mayi ake anapita kwa achemwali awo maliro atangotha. Za Lachiwiri anayankha mwachidule. Anaweruka faifi koloko monga mwa masiku onse, achimwene awo atawerama pa injini. Mkangano wa m'mawa anaumva, koma makina owotcherera anali akulira, mawu sanawatole. Inspekita atafunsa ngati akuganiza kuti mkamwiniyo angaphe munthu, bamboyo anatikita bondo lake nthawi yaitali.

"Ndi mwana wabwino ameneyo," anatero.

Masana onse anathera pa mwini galimoto yofiira, dokotala wa mano. Mufoni ya a Mluzu munali mauthenga ake asanu ndi limodzi, womaliza wonena kuti galimoto ikapanda kutuluka sabata imeneyo aona zakuda. Sajeni anayamba kukayikira masamu ake, n'kumati mwina munthu analumpha mpanda. Koma mpandawo unali ndi waya wamagetsi, ndipo dokotalayo Lachiwiri anali akuzula mano mpaka sikisi koloko. Odwala atatu anachitira umboni, mmodzi tsaya likadali lotupa. Tsiku linatha opanda kanthu m'manja.

Lachinayi 9:10 m'mawa, dokotalayo anabwera kupolisi kudzasayina zimene ananena. Inspekita anali panja akumwa tiyi wozizira. Anamuona akuimika galimoto yake ina, yakuda, akutuluka, akukhoma zitseko, akuponya kiyi m'thumba n'kuyamba kuyenda. Injini inali ikugundabe.

"Adokotala, mwaiwala kuzimitsa."

Dokotalayo anaseka kuseka kwa munthu amene wapeza womuphunzitsa. Anati tabo ikathamanga imafiira ngati khala. Ukazimitsa pomwepo, oyilo amasiya kuyenda n'kupserera m'kati, ndipo tabo imafa msanga. Choncho pagalaja ya a Mluzu galimoto iliyonse ankaiika kabokosi pansi pa chiwongolero. Ukachotsa kiyi, kabokosiko kamasiya injini ikugunda pang'onopang'ono kwa mphindi zimene wakauza, kenako kamazimitsa. Akulankhula choncho, galimoto yakudayo inangoti zii.

Inspekita anafunsa kuti mphindizo zimakhala zingati. Dokotalayo anati zinkatengera amene wagwira galimotoyo. A Mluzu ankati zitatu n'zokwana. Mng'ono wawo ankati galimoto yochoka pamigudumu imafuna khumi, ndipo ankadina yekha akulu ake akatembenuka. Ankakangana za zimenezi ngati banja lokalamba.

Tiyi uja anatsala pakhoma. Nthawi ya 9:55 inspekita ndi sajeni anadula chingwe cha polisi pagalajapo. Kabokosiko kanali pomwe dokotala ananena, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo atayatsa galimoto kanawala nambala 10. Inspekita anayang'ana wotchi, anachotsa kiyi wapadera amene dokotala anawabwereka nthawi ili 10:02, ndipo anaima chilili. Sajeni anayesa kulankhula kawiri, kawiri konse anamuletsa ndi dzanja. Mabotolo a penti ankamveka akugogodana kuseri kwa malata. Nthawi itakwana 10:12 injiniyo inatsokomola kamodzi n'kuzima.

Sajeni anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Inspekita anaimbira a zoyezayeza, amene anamuuza kuti zakuda za pamphete ya kiyi zija anali magazi, a gulu limodzi ndi la malemu. Tsopano masamu anali ena. Kiyi anachotsedwa ndi dzanja la magazi, ndiye kuti a Mluzu anali atagwa kale. Injini inazima 5:08, ndiye kuti kiyiyo anachotsedwa 4:58. Pa nthawi imeneyo mkamwini anali asanafike pageti, ndipo m'galajamo munali munthu mmodzi yekha woimirira.

Inspekita anabwerera kwa mkamwiniyo 11:15, n'kumuuza kuti kabokosi kaja wakaona. Mnyamatayo anavula magalasi n'kubisa nkhope m'manja.

"Munadziwa injini itangozima," anatero inspekita. "N'chifukwa chake munabweza mawu anu."

"Ndine ndinayambitsa, bwana."

Zinatuluka pang'onopang'ono. Zotsala za galimoto yabuluu ya mwana wa owotcherera uja zinali kuseri kwa galaja chichitikire ngozi. Lolemba mkamwiniyo anachotsamo kakompyuta ka injini kuti akagwiritse ntchito pena, ndipo atakalumikiza anaona zimene kanasunga. Pa tsiku la ngozi, tabo inkakankha mpweya pafupifupi kawiri kuposa mmene owotchererawo anaichunira. Anakayang'ana tabo yeniyeniyo. Pali kandodo kachitsulo kamene kamatsegula kachitseko kotayira mpweya ukachuluka. Ukakafupikitsa, kachitsekoko kamachedwa kutseguka ndipo galimoto imalusa. Kandodoko kanali katafupikitsidwa, ndipo panati pake panali kadontho ka penti yachikasu kamene a Mluzu ankaika pa ntchito yawo iliyonse. Lachiwiri m'mawa anauza apongozi akewo kuti aulule kwa mng'ono wawo. Mkangano unali umenewo.

"Ndiye munati mukafere kundende?"

"Mkazi wanga anamulera ndi bambo aang'onowo. Ndimati ndimuuze bwanji kuti bambo ake aphedwa ndi bambo ake?"

Inspekita anapsa mtima, ndipo sanabise. Anamuuza kuti mkazi wakeyo wagona pabenchi masiku awiri ndi mimba, ndipo chifundo chotere n'chofanana ndi nkhanza. Kenako anatuma sajeni kukatenga owotcherera aja.

Bamboyo anafika 12:40, atavala malaya oyera ngati munthu amene ankayembekezera kuitanidwa. Inspekita anaika patebulo zinthu zitatu: kiyi m'kapepala kake, chithunzi cha kabokosi kowala nambala 10, ndi tsamba la m'buku la mlonda. Anafotokoza nthawi zonse mwadongosolo, osakweza mawu. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana chithunzicho.

"Khumi," anatero. "Sindinadziwe n'komwe kuti ndadina."

"Munafuna kuti anthu aziganiza kuti akulu anu ali moyo?"

"Ayi, bwana. Nzeru zimenezo ndinalibe. Galimoto inali itangotsika liwiro, tabo ili psuu. Zaka makumi awiri ndi zisanu sindinazimitsepo tabo yotentha. Dzanja linapita lokha. Achimwene ali pansi apo, ine ndikusamala chitsulo cha eni." Anaseka kuseka koipa, kopanda mawu. "Mpaka kiyi ndinakoleka."

Inspekita anamusiya alankhule. Bamboyo anati tabo ya galimoto yabuluu anaimanga yekha, tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, ngati mphatso kwa mwana wake. Mnyamatayo ankafuna mphamvu zowonjezera, koma iye anakana chifukwa mabuleki ndi matayala zinali za galimoto wamba. Patapita sabata ziwiri galimotoyo inalephera kukhota pamlatho. Mayi a mwanayo anamuuza pamaso pa anthu kuti wapha mwana ndi manja ake, ndipo iye anavomereza. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankagona akuwerenga mabawuti m'mutu, kufunafuna pamene analakwitsa. Tsiku lina anakwera pamwamba pa thanki ya madzi kuntchito kuja, ndipo amene anamutsitsa ndi kumupukuta misozi anali akulu ake omwewo.

Lachiwiri m'mawa makina owotcherera sanali akulira. Anamva zonse. Anagwira ntchito tsiku lonse osanena kanthu, akudikira kuti akulu ake abwere okha. Sanabwere. Chamadzulo, atamaliza kuthamangitsa galimoto yofiira, anawaona akuwerama ndi sipanala yaing'ono pa kandodo ngati kaja ka tabo ya galimoto yofiirayo, kabotolo ka penti yachikasu kali pambali.

"Ndinawafunsa kuti, achimwene, n'zoona? Sanadzuke n'komwe. Anati, 'Anandipempha yekha mwanayo. Ukanafuna ndimukanize ngati iwe?' Ndinati nanga miyezi yonseyi mukundiona ndikufa? Anati, 'Ukanapindulanji kudziwa? Tandipatsa sipanala yaikuluyo.'" Bamboyo anatambasula manja ake patebulo. "Ndinawapatsa."

Sajeni anali atasiya kulemba, ndipo inspekita anamugwedeza ndi chigongono kuti apitirize. Iye mwini anamva chisoni, chisoni chenicheni, koma chinali ndi malire ake.

"Nanga mnyamata uja? Lero 2 koloko amapita kukhoti chifukwa cha inu."

"Ndinkati ndibwera mawa. Lachitatu ndinati mawa. Lero m'mawa ndinavala malayawa, ndinafika pakhomo, ndinakhalanso pansi. Achimwene anakhala chete miyezi isanu ndi itatu, ine ndinawapha. Ine ndakhala chete masiku awiri, ndipo ndaona kuti sizivuta."

Anasayina 1:25. Nthawi ya 1:40 inspekita anatsegula yekha chitseko cha selo n'kutulutsa mkamwiniyo.

Mkazi wake anali pabenchi pomwe paja, atafungatira bulangeti limene anabweretsera mwamuna wake kuti apite nalo kundende. Anaimirira movutikira. Mwamunayo asanafike kwa iye, chitseko china chinatseguka, ndipo sajeni anatuluka ndi bambo aang'ono a mayiyo, unyolo uli m'manja, akukoka mwendo wawo uja. Palibe amene anafunika kumufotokozera. Bamboyo anaima, anatsegula pakamwa, koma mayiyo anatembenukira kukhoma mpaka mapazi awo atasiya kumveka.

Mwamuna wake anamugwira paphewa. Iye anamufunsa ngati ankadziwa, ndipo mnyamatayo anagwedeza mutu kuvomera. Sanamukalipire, sanamukumbatirenso. Anaima choncho kwa kanthawi, akupinda ngodya ya bulangetilo ndi zala, kenako anayenda kupita kwa inspekita n'kumupatsa.

"Mukawapatse," anatero. "Mwendo wawo umawawa kukazizira. Koma musanene kuti lachokera kwa ine."